Mmene Ndidagulira Chipata

Esinati ndi Yohane, ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene nyumba ya ku Chinamwali ilibe denga mpaka lero, chonsecho ndidapuma ntchito ndili ndi ndalama m'manja. Mayi anu akamva funsoli amanyamuka n'kupita kukaona nkhuku, ndipo ine ndimasintha nkhani. M'mutu uno ndiyankha. Koma kuti yankho limveke ndiyenera kuyambira pa ntchito yanga yoyamba, pakuti kulakwa kwanga kudamera kumeneko.

Chaka choyamba: ku nazale ya kuphiri

Nditamaliza maphunziro a za nkhalango adanditumiza pamwamba pa phiri la Zomba, ku nazale ya mitengo ya paini yomwe inali kufupi ndi mtsinje wa Mulunguzi. Ndidafika mwezi wa Juni, chiperoni chitakuta phiri lonse, nditavala malaya opyapyala ndi nsapato zakuda zopolisha bwino. Amene adandilandira anali a Likaka, kapitawo wa pa nazalepo, munthu wamfupi, wamawu okalipa, amene makolo ake adachokera ku Mozambique. Adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati, "Achimwene a Makwinja, kodi mwabwera kudzafunsira mbeta kapena kudzagwira ntchito?" M'sitolo ya ofesi munalibe jombo ngakhale imodzi. A Likaka adandibwereka zawo zakale, yakumanzere yobooka kuchidendene, ndipo ndidayenda nazo miyezi isanu ndi iwiri. Ubale wathu udayambira pa jombo zimenezo.

Zosowa zinali zambiri. Machubu ofesera mbewu akatha tinkatolera mapepala a shuga m'nyumba za antchito. Moto ukabuka m'nkhalango tinkauzima ndi nthambi zaziwisi, chifukwa galimoto ya madzi inkakhala ilibe mafuta. Malipiro ankafika mwezi utapitirira. Koma chimene ndidaphunzira kwambiri pa nazalepo ndi kudikira. Tsiku lina a Likaka adandipeza ndikufukula chubu kuti ndione ngati mbewu yayamba kumera. Adandimenya pa dzanja ngati mwana. "Usiyeni. Mtengo umenewo mudzaudula muli ndi imvi, mwina sadzakhalanso inu woudula. Mukauvundukula tsiku ndi tsiku muupha." Adandiphunzitsanso kupatulira. Mitengo ikafika zaka zingapo tinkalowa m'munda ndi utoto n'kuika chizindikiro pa ing'onoing'ono yonse kuti idulidwe, n'cholinga choti ikuluikulu ipeze dzuwa ndi malo otambasukira. Sindidamvepo chisoni ndi mitengo yopatulidwayo. Inali ntchito basi.

Chaka chachisanu ndi chitatu: pachipata

Kenaka adandisamutsira pachipata, pa msewu wotsika kuphiri, pomwe galimoto iliyonse ya matabwa inkaima kuti ilipire. Ntchito yanga inali kuwerenga matabwa, kuwadinda ndi nyundo ya chizindikiro, kulandira ndalama ndi kulemba lisiti. Ndidakhalapo zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo m'zakazo ndidaona ocheka matabwa ambiri akulemera ndi ambiri akugwa. Wina mvula inkamuwonongera matabwa, wina sowo inkathyoka, wina wogula ankamuthawa ali ndi katundu m'manja. Koma wolemera ndi wakugwa yemwe ankaima pamaso panga n'kulipira. Madzulo aliwonse ndikamatseka bokosi la ndalama ndinkanena mumtima kuti pa malonda onse a paphiri pano, chosaluza ndi chipata chokha. Ganizo limeneli lidakhazikika mwa ine, ndipo sindidaliunikenso.

Bwana wanga nthawi imeneyo anali a Chikopa, munthu wonenepa, woseka msanga, wokonda kuitana aliyense kuti "mphwanga". Tsiku lina masana idafika galimoto yodzaza matabwa aatali, ilibe pepala lililonse. Dalaivala adati katunduyo ndi wa abwana. Ndidakana kukweza chitsulo chotsekera msewu. Patapita ola limodzi a Chikopa adafika okha pa njinga yamoto.

"Mphwanga, tsegula. Pepala likubwera mawa."

"Bwana, galimotonso idzatsika mawa."

"Kodi chipatachi n'cha abambo ako?"

"Si cha abambo anga, bwana. N'chifukwa chake sindingachitsegule mwaulere."

Adaseka ndithu, n'kundisisita paphewa. Galimoto ija idagona pomwepo ndipo idalipira. Pasanathe mwezi ndidalandira kalata yondisamutsira kuseri kwa phiri, kumalo komwe kunalibe sukulu yapafupi, ndipo n'chifukwa chake iwe Esinati udakulira kwa azakhali ako. Ndidakhalako zaka zisanu ndi chimodzi. Chomwe ndidapindula pa nkhaniyo ndi mawu amodzi okha amene a Likaka ankauza aliyense, kutchalitchi ndi kumaliro komwe: "Pepala la a Makwinja silinama." Mawuwo ndinkawanyadira kuposa chilichonse chomwe ndidali nacho.

Chaka chopuma ntchito

Ndidapuma nditagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zinayi. A Likaka anali atamwalira chaka chapitacho, n'kusiya mkazi wawo, amene ine ndimamutcha alamu, akugulitsa mbatatesi pa msika wa ku Chinamwali kwinaku akudikira ndalama za malemuwo. Zanga zidachedwa chaka chathunthu ndi miyezi iwiri. Pamene zinkafika tinali tikuchita lendi ku Mbedza, ndipo nyumba yathu ya ku Chinamwali inali itafika pa lintala. Zidangotsala mitengo ya denga, malata, zitseko ndi pulasitala. Ndalamazo zikadakwanira zonsezi n'kutsalako pang'ono.

Lamlungu lina titatuluka m'tchalitchi adandiimitsa Mayeso, mwana wa mkulu wa mpingo mnzanga, mnyamata wa ulemu amene ndidamuona akubatizidwa. Ankagwira ntchito ku kampani ina yatsopano, imene sindiitchula dzina. Adandifotokozera kuti kampaniyo imasonkhanitsa ndalama za anthu ambiri kudzera pa foni n'kuwagulira masheya m'mabizinesi ang'onoang'ono ofuna mpamba, monga chigayo, malo ophikira buledi kapena oweta nkhuku. Bizinesi ikakula, aliyense woikapo ndalama amalandira gawo lake. Ndidamumvetsera mpaka kumapeto, kenaka ndidamufunsa funso lomwe ndinkaliyesa lanzeru kwambiri.

"Nanga nkhukuzo zikafa ndi chitopa?"

"Ndalama zapita, bambo. Sindingakunamizeni."

"Nanga inuyo a kampani mumadya pati?"

"Ife timadula pang'ono kwa mwini bizinesi akapeza mpamba, timadulanso pang'ono kwa woika ndalama."

"Nkhuku zife, zisafe?"

"Zife, zisafe, bambo."

"Ndiye kuti inu ndinu chipata."

Mayeso sadamvetse, ndipo ndidamufotokozera za zaka zanga zisanu ndi ziwiri za pamsewu paja. Adamwetulira nati, "Bambo, ndiye mwafika nthawi yabwino. Chaka chino kampani ikugulitsa masheya ake enieni. Mutha kukhala mmodzi mwa eni ake a chipatacho." Ndilembe poyera kuti mnyamatayo sadandikakamize. Ndidadzinyengerera ndekha ndi nzeru zanga za kuphiri.

Mayi anu adakana tsiku lomwelo. Tinali pakhonde, iwo akusankha nyemba. "A bambo ake Esinati, gulani malata kaye. Zotsalazo mukachite nazo zomwe mukufuna."

"Malata sabereka," ndidatero. "Zaka ziwiri zokha. Phindu lake lidzagula malata, mpamba udzakhalabe wathu."

"Ine sindidaphunzire ngati inu. Koma chinthu chimene sindingachigwire ndi manja sindichitcha changa."

Ndidawauza kuti nkhani za makampani sazidziwa. Mawu amenewo ndimawakumbukira nthawi iliyonse mvula ikamagwa. Ndidatenga magawo atatu mwa magawo anayi a ndalama zanga zopumira n'kugula masheya. Pangano lake linali pa foni, masamba ambirimbiri a zilembo zing'onozing'ono. Ine amene ndidasamutsidwa chifukwa cha pepala limodzi, ndidawerenga tsamba loyamba lokha, n'kudina pomwe Mayeso adaloza.

Zaka ziwiri zotsatira

Uthenga woyamba udabwera tsiku lomwelo, wonena kuti pa kwacha zana lililonse adulapo zitatu ngati ndalama yolowera. Ndidafunsa Mayeso kuti mwini chipata amalipiranso bwanji pachipata chake. Adati lamulo ndi limodzi kwa onse. Patatha miyezi itatu kudabwera uthenga wina wa ndalama yosungira, poti masheya sakhala m'dzina la munthu koma kampani ndiyo imatisungira. Ndalama yosungirayo inkabwera miyezi itatu iliyonse, osaphonya. Poyamba ankaidula pa tindalama tomwe tidatsalira mu akaunti, ndipo titatha adayamba kuilemba pambali kuti adzaidule tsiku lomwe ndidzagulitse. Mayi anu ankamva foni ikalira n'kufunsa kuti, "Ndi phindu limenelo?" Ndinkayankha kuti mtengo sauvundukula tsiku ndi tsiku. Ndidadikira monga adandiphunzitsira a Likaka, osaganiza kuti paini tinkamudikira chifukwa tinkamuona ndi maso akukula.

Kumapeto kwa chaka chachiwiri adatiitana ku msonkhano wa eni masheya mu holo ina m'tauni. Ndidavala jekete yanga ya ukwati wa Yohane n'kukwera kabaza. Tidalipo anthu ochuluka ndithu, ambiri aimvi ngati ine: aphunzitsi opuma, anamwino, apolisi. Adatipatsa botolo la chakumwa ndi sikono imodzi aliyense. Mkulu wa kampani, mwamuna wamng'ono kwa Yohane, adaonetsa pakhoma kuti ndalama zolowa pachipata zakwera kwambiri, ndipo tidaomba m'manja. Kenaka adaonetsa malipiro a antchito, lendi ya ofesi ku Blantyre, galimoto ziwiri ndi zotsatsa malonda, nati chotsala palibe, ndipo phindu la eni masheya silikhalapo chaka chino ngakhale cha mawa. Adawonjeza kuti apeza anthu akuluakulu amene aika ndalama zambiri, ndipo phindu likadzayamba kapena kampani ikadzagulitsidwa, iwowo ndiwo adzayambe kulandira, ife pambuyo.

Ndidaimika dzanja. "Ine ndine Makwinja, wopuma ntchito ya za nkhalango. Mwati ndalama zikulowa pachipata. Zikufika bwanji kwa ife eni ake?"

"Madala, zimayamba zalipira ntchito yoyendetsa chipatacho."

"Ndipo amene amanena kuti ntchitoyo idye zingati ndani?"

"Akuluakulu a kampani, monga mwa pangano. Zili pa tsamba lachisanu ndi chiwiri. Mudavomereza."

Ndidakhala pansi. Palibe amene adaba. Zonse zinali m'pepala, ndipo pepalalo silidaname. Ndidakumbukira kuti pachipata changa chija tambala iliyonse inkafika kwa mwini nkhalango chifukwa malipiro anga anali oikika, ndipo sindidali ndi mphamvu yodzikwezera. Ndidayesa kuti zipata zonse zili choncho. Pa chipata ichi wokhalapo ndiye ankayamba kudya, mwini n'kumadikira panja. Za anthu akuluakulu aja sindidafunikire wondimasulira. Ndidagwira utoto zaka zambiri, ndipo ndinkadziwa mitengo imene imaikidwa chizindikiro kuti inzake ipeze dzuwa.

Mwezi wa Okutobala, chaka chachitatu

Mwini nyumba ya ku Mbedza adakweza lendi, ndipo mtengo wa malata unali utathawa kutali ndi pomwe tidausiya. Makoma a ku Chinamwali anali atadya mvula zitatu, ndipo khoma la kum'mawa lidayamba kung'aluka. Ndidapita kwa Mayeso kuti ndigulitse masheya anga onse, ngakhale pa mtengo womwe ndidagulira. Adandiuza akuyang'ana pansi kuti masheya amenewa alibe msika. Kampani siwagulanso. Njira yokhayo ndi yoti ndipeze ndekha munthu wofuna kugula, tonse awiri tisayine fomu, kampani idule ndalama yotulukira ndi yosungira ija, chotsala ndilandire. Adandipatsa fomuyo. Ndidaipinda n'kuiika m'Baibulo.

Sindidafunefune wogula. Adabwera yekha. Loweruka lina masana alamu, mayi Likaka, adafika pakhomo atanyamula kathumba ka mbatatesi. Ndalama za malemu amuna awo zinali zitatuluka patatha zaka zisanu. Adamva kutchalitchi kuti ine ndili ndi masheya ndipo ndikufuna kugulitsa kuti ndimalize nyumba.

"Alamu, ndalamazi zikakhala m'nyumba zitha. Abale ayamba kale kudwala onse. Ndigulitseni ine masheyawo. Inu mufolere nyumba, ine ndizidya phindu."

Ndidawapempha kuti andipatse sabata imodzi. Ana anga, sindikufuna kuti mundiyese woyera. Sabata imeneyo ndidapita kusitolo kukafunsa mtengo wa malata ndi misomali. Ndidaitana kalipentala kuti akayeze denga. Ndidadzaza mbali yanga yonse ya fomu, kupatula siginecha. Ndinkadziuza kuti sindidawaitane, kuti ndi munthu wamkulu, kuti mwina kampaniyo idzakula ndithu ndipo adzandithokoza. Mayi anu adaona fomuyo patebulo ndipo adangonena kuti, "Denga ndikulifuna kuposa inu. Koma muganize ngati mudzagone pansi pake."

Loweruka lotsatira alamu adabweranso, atavala chitenje cha chigwirizano cha amayi, foni ili m'manja, okonzeka kutumiza ndalama. Tidakhala pakhonde. Ndidatulutsa fomu ndi cholembera. Iwo sadaiyang'ane n'komwe.

"Musandiwerengere, alamu, ingondilozerani posayina. Malemu ankati pepala la a Makwinja silinama."

Ndidagwira cholemberacho kanthawi. Kenaka ndidachitseka n'kuchibwezera m'thumba la malaya. Ndidawauza zonse: za ndalama yolowera, yosungira ndi yotulukira, za msonkhano wa sikono, za anthu akuluakulu oyamba kulandira, ndi kuti pa zaka zitatu sindidalandire ngakhale tambala. Ndidati sindingawagulitse, ndipo ndalama zawozo akagule malo kapena akawonjezere mpamba wa mbatatesi.

Ndinkayembekezera kuti andithokoza. Koma nkhope yawo idauma.

"Sabata yatha munali wofuna kugulitsa. Lero mwamva chiyani?"

"Palibe chomwe ndamva, alamu. Ndangokuuzani zoona."

"Mwamva kuti akwera, eti? Munthu wochenjera ngati inu angaike ndalama zake zonse pa chinthu chakufa? Zikadakhala zoipa bwenzi mutandikankhira msanga. Mukundimana chifukwa ndine wamasiye."

Mayi anu adayesa kulankhula, koma alamu anali atanyamuka kale. Adakonza chitenje chawo nati, "Jombo za amuna anga mudavala, koma phindu mukudya nokha." Adatsika masitepe osatsanzika. Patatha milungu iwiri ndidamva kuti apita okha ku ofesi ya kampani ija n'kugula masheya atsopano ndi ndalama zawo zonse. Mayeso adandiuza pambuyo pake kuti adawachenjeza monga mwa lamulo, ndipo iwo adayankha kuti kumene a Makwinja adaika ndalama zawo sikungakhale kolakwika.

Lero

Papita zaka zina ziwiri. Kampani ija ikadalipo, ndipo ndamva kuti idasamukira ku ofesi yaikulu. Phindu silidabwerebe, kwa ine kapena kwa alamu. Iwo akadali pa benchi lawo lomwe lija pa msika wa ku Chinamwali, ndipo ndikamadutsa popita kukaona makoma amatembenuka n'kuyamba kusanja mbatatesi zosanjika kale. Poyamba ankandida chifukwa ndidawamana. Tsopano amauza anthu kuti ndine ndidawalowetsa. Pa ziwirizi, chachiwiricho sindingachikane kwathunthu, pakuti adatsata dzina langa, ndipo dzinalo ndidaliika pamenepo ndine. Khoma la kum'mawa lidagwa mvula yapitayi. Njerwa zake ndidazisanja pakona n'kuzifunda ndi pepala lapulasitiki.

Kawirikawiri ndimadzifunsa ngati ndidachita bwino tsiku lija. Ndikadasayina, alamu akadataya ndalama zomwezo zimene adataya, ndipo mayi anu akadakhala m'nyumba yawo. Kukana kwanga sikudapulumutse aliyense. Ndikudziwa kuti ndikadapatsidwanso cholembera chija ndikadachitsekanso, koma musayembekezere kuti ndinene kuti zimenezi zimandisangalatsa.

Chatsala chinthu chimodzi choti mudziwe. Pangano lija tsopano ndidaliwerenga lonse, Yohane atandisindikizira pa mapepala. Pa tsamba lakhumi ndi chimodzi palembedwa kuti mwini masheya akamwalira, ana ake angathe kuwalandira akalipira ndalama yosinthira dzina pamodzi ndi yosungira yonse imene idaunjikana. Ndikadzapita adzakutumizirani uthenga wa ulemu kwambiri, wokupepesani ndi kukuitanani ku ofesi. Musadzapite. Ngati mudzakhale ndi ndalama tsiku limenelo, mudzagulire mayi anu malata.